Maukwati a M'makatoni

Lamlungu lina masana Gertrude Alufandika anamva zoti sitolo ya a Bhupendra ikutsekedwa, atapita ku Manja kukaona bambo ake. Anawapeza atakhala pa mpando wawo wa pulasitiki kuseri kwa nyumba, wailesi ili pamwendo koma yosayatsa.

"Bwana akupita," anatero a Gervazio, moni asanayankhe n'komwe. "Mwana wawo Nikhil wawaitana ku Mangalande. Akuti mawondo atha, asamakhalenso okha."

A Gervazio anali telala. Anafika ku Limbe kuchokera ku Nsanje ali mnyamata, n'kupeza malo pa khonde la sitolo ya nsalu ya bambo ake a Bhupendra, ndipo anasoka pa khonde lomwelo mpaka maso atayamba kuwakana. Mkati munkagulitsidwa nsalu, ulusi, mabatani ndi zipi. Panja a Gervazio ankazisandutsa madiresi. Iwo ndi a Bhupendra anakalambira limodzi, wina mkati wina panja, akukangana za mpira tsiku ndi tsiku. A Bhupendra anayesetsa kuwaletsa mawu oti bwana, koma lilime linali litazolowera.

"Katundu wa m'sitolo wagulidwa kale," anapitiriza a Gervazio. "Atsala ndi matepi aja. Akuti aitana galimoto ya zinyalala."

"Matepi ati, ababa?"

"Waiwala? A maukwati."

Gertrude anakumbukira pomwepo. M'zaka zoyambirira za matipate, a Bhupendra anagula kamera ya vidiyo, chimphona chonyamula paphewa. Loweruka lililonse ankasiyira akazi awo sitolo n'kupita kukajambula maukwati. Anayamba ndi a achibale awo Achihindu, kenako a anzawo Achisilamu, kenako a aliyense wobwera kudzagula nsalu ya ukwati: ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, m'matchalitchi, m'maholo ndi m'mabwalo a sukulu. Eni ukwati ankalandira tepi yawo, koma yoyamba yeniyeniyo a Bhupendra ankasunga. Ntchitoyo inadzatha yokha anthu atayamba kujambulana ndi mafoni.

Gertrude ankagwira ntchito mu laibulale ya koleji ina pakati pa tauni. Ntchito yake inali yosamala nkhokwe ya pa intaneti, momwe ankasungiramo zolemba za aphunzitsi ndi za ophunzira omaliza maphunziro. Ankaikonda ntchitoyo, ngakhale kuti masiku ena ankadzifunsa ngati alipo amene amawerenga zomwe iye ankasunga mosamala chotero.

Mawa lake pa nkhomaliro anakwera minibasi ya ku Limbe. Mashelefu a m'sitolo anali opanda kanthu, ndipo mawu ankachita kubwerera ngati m'tchalitchi cha pakati pa sabata. A Bhupendra anali kuseri kwa kauntala, akumwa tiyi wa tsabola.

"Getu! Wabwera kudzaba maswiti? Wachedwa, botolo lija ndagulitsa."

"Ndabwera kudzaba zina, ankolo. Ndionetseni matepi."

Anamutsogolera ku chipinda cha kuseri, akukoka mwendo. Makatoni anali atasanjikizana mpaka kudenga, ndipo fungo la chinyezi linamulandira pakhomo pomwe. Denga linadontha nthawi ya namondwe uja, choncho timapepala ta mayina tinamatuka, ndipo pomwe tinatsala inki inali itasungunuka. Gertrude ananyamula tepi imodzi n'kusuzumira pa kawindo kake. Mkati munali chuku choyera ngati ufa.

"Anthu amabwera," anatero a Bhupendra. "Mwezi watha kunabwera mayi wina, nyumba yawo inakokoloka, zithunzi zonse zinapita ndi matope. Ankafuna ukwati wawo. Ndinawabweretsa muno, ndinati mayi, ukwati wanu uli muno ndithu, koma katoni yake sindiidziwa, ndipo deki yanga inafa kalekale. Anangoyang'ana makatoniwa n'kutembenuka. Ndiye ndisungirenji zinthu zongopweteketsa anthu mtima?"

"Mundipatse ine, ankolo."

"Ukaika kuti? Kanyumba kako ka ku Kanjedza kaja, ndinamva kuti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri."

Gertrude anaseka. "Akhale muno momwemo. Ndizitenga pang'onopang'ono n'kumakawasamutsira mu kompyuta. Mukunyamuka liti?"

"Mvula ikamayamba."

"Ndiye galimoto ya zinyalala muiuze idikire mvula."

Mkulu wa laibulale, a Chester Kapito, anamvetsera nkhaniyo atavula magalasi, monga ankachitira akafuna kukana chinthu mwaulemu.

"Mayi Alufandika, nkhokwe yathu ndi ya kafukufuku. Ukwati ndi kafukufuku?"

"Lero ayi, bwana. Koma taganizani munthu wa zaka makumi asanu zikubwerazo, akufuna kudziwa mmene anthu a m'tauni muno ankavalira, nyimbo zomwe ankavina, Chichewa chomwe ankalankhula, mmene msewu wa ku Limbe unkaonekera. Adzapita kuti? M'zolemba zathu mulibe munthu akuseka."

A Chester anavala magalasi aja n'kuwavulanso. Mapeto ake anamulola kugwiritsa ntchito kachipinda ka pansi pa masitepe ndi kompyuta yakale, ntchito zina zikatha. Koma za kuika maukwati mu seva, kompyuta yaikulu ya koleji ija, anati ziyambe zadikira.

Vuto loyamba linali deki. Gertrude anafunsa kwa achibale, kutchalitchi ndi kwa anzake a kuntchito. Aliyense anali nayo kale, aliyense anaitaya. Anazungulira msika wa Limbe mpaka kumsana kwa ogulitsa mawaya, komwe wina anamulozera kwa a Ackim, okonza mawailesi. A Ackim anali bambo wamfupi, wa ndevu za imvi, wokhala pakati pa mulu wa zinthu zakufa ngati nkhuku pa mazira.

"Deki ya matepi?" anatero, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Achemwali, mwachokera chaka chanji?"

Atawafotokozera, anaika pansi chowotcherera chawo. Anakumba mu muluwo n'kutulutsa madeki atatu, onse akufa. Imodzi inali ndi mutu wabwino, ina injini yabwino, yachitatu malamba. Anamuuza kuti abwere Lachisanu.

Lachisanulo a Ackim sanangopereka deki. Anatseka benchi yawo n'kunyamula dekiyo okha mpaka ku laibulale, akuti sangaipereke m'manja mwa munthu wosaidziwa mtima wake. M'kachipinda ka pansi pa masitepe anamuonetsa Gertrude mmene angapukutire chuku ndi kansalu konyowetsa sipiriti, akuzunguza tepi ndi chala pang'onopang'ono. Analumikiza deki ku kompyuta, n'kulowetsa tepi yoyamba. Dekiyo inameza, inatsokomola, kenako inakhala chete. Pa sikirini panabwera mizere ndi timadontho tokhatokha.

"Dikirani," anatero a Ackim. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mizereyo inagwedezeka, inang'ambika pakati, ndipo mwadzidzidzi panatulukira mkwatibwi akutsika m'galimoto ya Pijoti yomangidwa maliboni, azimayi akululutira, bandi ikuomba magitala osachuna bwino. Gertrude anakuwa. A Ackim anaomba m'manja n'kuyamba kuvina pomwepo, mutu ukugunda masitepe. Wophunzira wina anasuzumira pakhomo kudzawakumbutsa kuti muno ndi mu laibulale.

Ntchitoyo inali yosathamangika. Tepi iliyonse inkafunika kuizunguza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ukwati wonse, ndi malangizo a ankhoswe omwe. Magetsi akazima pakati, ankayambiranso. Gertrude anazolowera kudya chimanga chootcha akuonera anthu osawadziwa akulonjezana za mpaka imfa. Zonse ankazisunga mu kabokosi kakuda kotchedwa hadi, komwe ankayenda nako m'chikwama kulikonse.

Mwezi wachiwiri ukutha, m'mawa wina, analumikiza hadiyo n'kumva kaphokoso kachilendo: the, the, the. Kompyuta inati sikuona kanthu. Anayesa waya wina, anayesa kompyuta ina, anathamangira kwa a Ackim. Iwo anaika kabokosiko pakhutu, n'kupukusa mutu.

"Aka ndiye kapita, achemwali. Deki ndimatha kuidzutsa. Izi zamasiku ano zikafa, zafa."

Gertrude anabwerera kuntchito n'kukakhala pa sitepe yomaliza, manja ali m'masaya. Matepi analipo, akanatha kuyambiranso, koma ena anali ofooka moti sanadziwe ngati angapirire kuzunguzidwa kachiwiri. Ndi pomwe a Chester anamupeza. Atamva, sanamudzudzule. Anakhala pa sitepe yomweyo, suti ndi tayi zawo.

"Inenso zinandionekera," anatero. "Ndili wachinyamata ndinasunga ntchito ya chaka chonse pa kadisiki kamodzi. Chinthu chomwe uli nacho pamalo amodzi sunachisunge, wangochibwereka. Kuyambira lero, tepi iliyonse ikatha muziika mu seva tsiku lomwelo. Ndilankhulanso ndi anzathu a laibulale ya ku Zomba, azisunga kope lina kumeneko. Moto sungagwe konsekonse tsiku limodzi."

"Nanga zoti ukwati si kafukufuku, bwana?"

"Ndakhala ndikumva magitala aja kudzera pansi pa ofesi yanga. Ndawazolowera."

Anayambiranso. Tepi imodzi yokha ndi yomwe inaduka, ndipo a Ackim anailumikiza ndi selotepi, akupuma pang'onopang'ono ngati dokotala wa opaleshoni.

A Bhupendra atamva za hadi ija anaseka mpaka kutsokomola.

"Pamene ndinkagula kamera, wogulitsa anandiuza kuti tepi siifa. Kenako anabwera a madisiki, akuti awa ndiye a muyaya. Kenako fulashi. Tsopano iwe ukuti seva. Getu, ndani mwa inu akunena zoona?"

"Palibe, ankolo. Zonse zimafa. Seva yathunso idzafa."

"Ndiye ukuvutikiranji?"

"Agogo ku Nsanje ankasunga mbewu ya mapira yomwe amayi awo anawasiyira. Si kuti inali njere zomwezo. Ankadzala chaka ndi chaka, n'kusankha zina, n'kugawirako aneba kuti kwawo zikakanika akapemphe. Ifenso ndi momwemo. Chaka chilichonse tiziyang'ana ngati mafayilo ali moyo, makina akasintha tizisamutsa, ine ndikadzachoka wina apitirize. Chosunga ndi anthu, makinawa ndi dengu chabe."

A Bhupendra anagwedeza mutu. "Chabwino. Koma anthu ali m'matepimo ndi ndani? Ine nkhope ndikuzikumbukira, mayina anathawa."

Limenelo ndilo linali vuto lotsala. Mafayilo onse anali ndi manambala okha. Munthu wofuna ukwati wa makolo ake sakanaupeza, chimodzimodzi mayi wa nyumba yokokoloka uja. A Gervazio, omwe anali atakhala pa khonde tsiku limenelo monga ankachitirabe akasowa chochita, anasuzumira pakhomo.

"Bwanji osangowaitana eni akewo adzadzitchule okha? Sitolo ili gwaa, malo alipo."

Uthenga unayenda pa mafoni, m'magulu a matchalitchi, a mzikiti ndi a amayi a m'misika. A Ackim anauza makondakitala a pa depoti, ndipo Loweruka lake ena ankaitanira kuti, "Limbe! Limbe! Kukaona ukwati wa amayi anu!" A Bhupendra anatulutsa mpukutu womaliza wa nsalu yoyera womwe anaubisa, n'kuupachika pakhoma. Mawindo anawatchinga ndi zitenje. A Chester anabwera okha ndi pulojekita ya koleji. Dzuwa lisanapendeke, sitolo inali itadzaza, ena atakhala pa kauntala, ena pansi, ena akukankhana pakhomo.

Gertrude anaima kutsogolo n'kufotokoza kuti aonetsa pang'ono pa ukwati uliwonse. Wozindikira munthu atchule dzina, malo ndi chaka, ndipo wolola amujambule mawu pa foni kuti nawonso asungidwe pamodzi ndi kanemayo.

Mkwatibwi wa Pijoti uja atangotulukira, a Gervazio anadzuka.

"Diresi limenelo ndinasoka ine! Ameneyo ndi mwana wa a Friday, a pa njanji aja!"

"Ayi madala!" anakuwa mayi wina wonenepa chakumbuyo. "Ameneyo ndi ine! Bambo anga anali a pa fodya!"

Sitolo yonse inaphulika ndi kuseka. Anthu ankayang'ana kamtsikana kowonda ka pa nsalu, n'kuyang'ana mayiyo, n'kusekanso, mwini wake akuseka koposa onse, misozi ili mbwe. A Gervazio sanagonje. Ukwati uliwonse ankadzuka n'kutchula dzina motsimikiza, ndipo kawirikawiri ankaphonya, nthawi zina ngakhale mtundu wa anthu. Koma madiresi okha anthu ankawavomereza. Inde, linasokedwa pa khonde ili. Inde, mikono yotukumukayo ndi ya a Gervazio.

Pakati pa ukwati wina wa ku Chilomoni, Gertrude anaona kuti bambo ake akhala chete. Pa nsalu mkwatibwi ankazungulira povina, diresi likutambasuka ngati maluwa a dzungu. Anapita n'kugwada pambali pawo.

"Ababa, mwatopa?"

"Ayi." Anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Loweruka linali tsiku la ntchito yambiri, sindinkachoka pa makina. Madiresi onsewa ndinkangowaona ali pa hang'ala. Sindinkadziwa kuti akamavina amachita chonchi."

Kenako panabwera ukwati wa Chisilamu, pabwalo la nyumba ina ku Kanjedza. Mkwati asanaoneke bwino, mayi wina wovala mpango wobiriwira anaimirira.

"Zimitsani."

Sanakweze mawu, koma aliyense anamva. Gertrude anaimitsa kanemayo. Mayiyo anatuluka, ndipo Gertrude anawatsatira, atauza a Ackim kuti aike ukwati wina.

Pa khonde mayiyo anati dzina lawo ndi Afisa, ali ndi lesitilanti pafupi ndi depoti. Banja limenelo linatha moipa, ndipo sankafuna kuti nkhope ya bamboyo ili pambali pa yawo izioneka pa foni ya aliyense.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero Gertrude. "Ndikanayenera kuganiza kuti si ukwati uliwonse womwe mwini wake akufuna kuuonanso. Mukanena kuti tifufute, tifufuta lero lomwe."

A Afisa anayang'ana maminibasi.

"Amayi anga alimo," anatero. "Anavina tsiku limenelo mpaka chitenje kumasuka. Anamwalira ndilibe ngakhale chithunzi chawo chimodzi chooneka bwino. Mukafufuta, apitanso kachiwiri."

"Sitikakamizidwa kusankha pakati pa kufufuta ndi kuonetsa dziko lonse. Nkhokweyi ili ndi zitseko. China n'chotsegukira aliyense, china cha achibale okha, china chimakhala chokhoma mpaka mwini wake atanena. Kiyi ndi wanu."

"Ndiye mukhome. Ana anga akadzafuna kuona bambo awo, adzasankhe okha. Koma pa amayi pokhapo mungandidulire?"

"Ndikuikirani pa foni yanu musanapite."

A Afisa anakonza mpango wawo. "Ayi, muyambe mwaonetsa mkatimu. Anthu awaone mmene ankavinira."

Gertrude anafufuza malowo pulojekita ataitseka, n'kuyatsa atawapeza. Pa nsalu panatulukira mayi wamtali, wa mpata pamano, akutyola chiuno pakati pa bwalo, akuimba Chiyao mokweza kuposa ng'oma. Azimayi a m'sitolomo anayamba kululutira, ena anailandira nyimboyo. A Afisa anaima pafupi ndi nsalu, dzanja lili pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo patapita kanthawi nawonso anayamba kuponda.

Chisangalalo chinabwerera ndi mphamvu. Mu ukwati wina wa ku Ndirande munaoneka besitimani wa tsitsi lalitali ndi buluku lofika pachifuwa, akuvina ngati walumidwa ndi linthumbu. Mphunzitsi wina wa pa koleji anayang'anitsitsa, n'kutembenukira kwa a Chester.

"Bwana, si inu awa?"

A Chester anavula magalasi. "Mayi Alufandika, chitseko chokhoma chija. Iyi muikeko zaka zana."

Anthu anakana onse pamodzi, n'kupempha kuti ibwerezedwe. Inabwerezedwa kawiri.

Womaliza unali ukwati wa Chihindu mu holo ina m'tauni, wa maluwa achikasu ndi masari onyezimira. Mabanja angapo a eni masitolo oyandikana nawo anali atabwera, ndipo ankatchula mayina mopikisana: uyu ali ku Mangalande, uyu ku Canada, uyu anamwalira, uyu ndi amene wakhala apayu. Kamera inkayenda pakati pa alendo, ndipo podutsa pa galasi lalikulu la pakhoma inaima kanthawi. M'galasimo munali mwamuna wowongoka, wa tsitsi lakuda bii ndi ndevu za m'masaya, chimphona cha kamera chili paphewa, diso limodzi atatsinzina.

"Bwana!" anakuwa a Gervazio, ndipo ulendo uno sanaphonye.

A Bhupendra anagwira dazi lawo ndi manja onse awiri. "Imitsa pomwepo, Getu. Ndimuone bwino mnyamatayu. Zaka zonsezi ndimayesa kuti ineyo m'matepimu mulibemo."

Pofika madzulo maukwati ambiri anali atapeza eni ake. Otsalawo anagwirizana kuti adzawaonetsenso mu holo ya tchalitchi ku Manja ndi ku Bangwe, komwe anthu ake ankaoneka kuti ndi ochokera. Mayi wa nyumba yokokoloka uja sanabwere, koma mlamu wawo anazindikira ukwatiwo n'kuwaimbira foni pomwepo, ndipo kukuwa kwawo kunamveka kwa onse oyandikira.

A Chester, akukulunga waya wa pulojekita, anati nkhani ya a Afisa yawaphunzitsa kanthu. Koleji isamagamule yokha zoti chitseguke ndi chiti. Pakhale komiti ya eni ake, yoti izikumana ndi a laibulale. A Afisa anavomera kukhalamo, malinga misonkhano isamachitike nthawi ya nkhomaliro. A Ackim anati iwo alowa ngati dokotala wa deki, ndipo anachenjeza kuti pafunika kusakasaka ena akufa ambiri, chifukwa tsiku lina ziwalo zidzasowa. Anthu anali atayamba kale kufunsa ngati angabweretse zawo: makaseti a kwaya, matepi a chinkhoswe, zithunzi za timu ya mpira ya pa fakitale ina yomwe inatsekedwa.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomwe a Bhupendra ankanyamuka. Matepi enieniwo anasamukira m'chipinda chouma cha ku laibulale. Tsiku lopereka makiyi a sitolo, Gertrude anawabweretsera hadi yatsopano, kope lachitatu, loti Nikhil akalisunge kutsidya kwa nyanja. A Bhupendra anaitembenuza m'manja, n'kuilowetsa m'thumba la malaya.

"Chipinda chonse chija?"

"Chonse, ankolo, ndi mawu a anthu omwe."

"Ndiye undijambuleko ine ndi mdala uyu, tisanabalalike."

Anatulutsa mipando iwiri pa khonde. Gertrude anaimika foni n'kuwapempha kuti ayambe ndi kunena chaka chomwe anakumana. A Gervazio anatchula chaka china, a Bhupendra china. A Gervazio anati chinali chaka cha dzombe, a Bhupendra anati ku Limbe dzombe silinafikeko. Anakangana mpaka batire la foni linatha, funso lachiwiri lisanafunsidwe.

A Bhupendra ali ku Mangalande tsopano, ndipo amadandaula za kuzizira. Nikhil anawaphunzitsa kutsegula nkhokwe ija pa kompyuta, moti amaonera maukwati awo mmodzimmodzi atafunda bulangete. Mayina ayamba kuwabwerera. Pafupifupi m'mawa uliwonse Gertrude amapeza uthenga wa mawu pa foni: wovala jekete lofiira uja ndi Lackson wa mabasi, holo ija si ya ku Chichiri, ndi ya ku Limbe. Iye amakawamvetsa bambo ake ku Manja, ndipo a Gervazio amamvetsera mpaka kumapeto, n'kumulanda foni kuti ayankhe okha.

"Bwana, mwalakwitsa. Lackson anali wamfupi."